PHQ-9 imagwiradi ntchito kwa achinyamata athu?

NamwinoWakumudzi: Abale ndithandizeni. Timafunsa achinyamata mafunso 9 a PHQ-9 aja (fomu yoyezera matenda a kukhumudwa) m'Chichewa, ndiye mtsikana wina wa zaka 15 anayankha "ayi" pa onse, koma tikutuluka akundinong'oneza kuti mutu umangowawa, usiku tulo osabwera, "ndimangoganiza kwambiri asisi." Zandikhudza heve. Fomuyi ikuyeza chani kwenikweni?

Chemwali_Zomba: Inapangidwira akuluakulu ku America imeneyo. Funso lija la kadyedwe tangoganizani, mwana wakumudzi mu Januwale sakudya bwino poti ufa watha m'nyumba, inu mulemba kuti matenda? Yesani SRQ-20, fomu ina ya mafunso 20 ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mayankho ake ndi eya kapena ayi basi, komanso imafunsa za mutu kuwawa ndi tulo.

MphunzitsiWaFomu2: Ku Zimbabwe anapanga yawo ya mafunso 14 kuchokera m'mawu a anthu eniake, muli "kufungisisa", kuganiza kwambiri komweko, ndipo ndi imene agogo a Friendship Bench (pulogalamu yomwe agogo amapereka uphungu kwa anthu atakhala pa benchi) amagwiritsa ntchito. Ifenso tikufunika yathu.

Chemwali_Zomba: Komanso munamufunsira pati? Ngati mayi ake anali pompo sakanaulula olo pang'ono. Muitaneninso payekha, makamaka pa funso lomaliza la maganizo odzipha lija.

NamwinoWakumudzi: Analidi pakhomo pomwepo mayiwo. Ndimuitananso Lachitatu.