Njira ya oyenda pansi yochokera ku depoti kupita ku chipatala: kodi tiyambe tayesa pa kompyuta?

Mlembi: Makolo ndi abale onse a kwathu ku Kasungu, pa msonkhano wapitawu tinagwirizana kuti ndalama zimene tasonkha zikonzere njira ya anthu oyenda pansi kuchokera ku depoti ya mabasi kukafika ku chipatala cha boma, koma sitinamvane za kumene njirayo idzadzere. Mwana wathu wina amene akuphunzira za mapulani a matauni wapempha kuti ajambule mbali imeneyi ya tauni mu kompyuta, kenaka anthu azivala magalasi apadera oonetsa munthu ngati waima pamsewu weniweni, n'kumasankha okha kolowera. Akufuna ndalama yobwerekera magalasiwo ndi yoyendera. Tipatseni maganizo anu tisanapite ku khonsolo.

A Phiri, ku Johannesburg: Ine ndikuvomereza, chifukwa munthu sayenda monga mmene wojambula mapu amaganizira. Mu 2021 akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America, atafufuza maulendo a anthu oyenda pansi ku Boston ndi ku San Francisco kudzera m'mafoni awo, anapeza kuti nthawi zambiri anthu satenga njira yaifupi kwambiri, koma imene ikuoneka kuti yalunjika kumene akupita. Mu kompyuta tingathe kumuonetsa munthu njira zitatu zimene sizinamangidwe n'komwe, kusintha chinthu chimodzi chokha, monga kuika mitengo ya mthunzi kapena magetsi, n'kuona ngati wasintha kolowera. Tingathenso kuyesa malo owolokera msewu wa M1 popanda kuika mwana wa munthu kutsogolo kwa thiraki.

Mayi Nabanda: Pepani bambo, ine ndagulitsa mumsika zaka zambiri, ndipo sindikuona chimene kompyuta itiuze choposa chimene mapazi athu analemba kale pansi. Pitani mukaone pamene udzu unafa, mupeza njira zachidule zonse zili poyera. Komanso magalasiwo sadziwa kulemera kwa dengu la tomato pamutu mwana ali kumbuyo, sadziwa dzuwa la Okutobala ngakhale matope a Januwale. Chaka chatha wakabaza anandigunda mwendo pamene ndinalowa mumsewu pothawa madzi amene anadzaza m'mbali, ndipo ndinakhala milungu itatu osapita kukagulitsa. Chimene chinandilowetsa mumsewu ndi madziwo, osati kusadziwa njira.

Aphunzitsi opuma: Mayi Nabanda anena zoona, ndipo ofufuza za magalasiwa amavomereza kuti m'magalasi amenewa mtunda umaoneka waufupi kuposa mmene ulili, ndiponso kuti anthu ena amamva chizungulire akawavala kwa nthawi. Munthu amene miyendo yake sikutopa angasankhe njira yozungulira imene sangaiyende ali ndi wodwala. Komabe ndikupempha mayi aganizirenso mbali iyi: pamene udzu unafa pakutiuza kumene anthu akudzera lero, pamene kulibe ngalande, kulibe magetsi, ndipo usiku amayi amapewa malo ena poopa achifwamba. Sipangatiuze kumene akanadzera zinthu zimenezi zikanakonzedwa, ndipo funso lathu lagona pamenepo. Nkhawa yanga yaikulu ndi ya anthu amene adzayesedwe. Akadzakhala anyamata okhaokha ozolowera mafoni, tidzamanga njira ya anyamata, pamene opita ku chipatala ambiri ndi amayi oyembekezera, okalamba ndi odikirira odwala onyamula zakudya.

Msungichuma: Ndikukumbutseni kuti msewu wa M1 uli m'manja mwa bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority, kotero sitingaikepo mahampu kapena malo owolokera patokha, tingathe kungopempha, ndipo pempho lokhala ndi umboni limamveka kuposa dandaulo la pakamwa. Koma ndalama iliyonse yopita ku magalasi yachoka pa simenti. Ndikupempha kuti tiyambe ndi zosalira ndalama: achinyamata athu aime m'mphambano ndi kope, awerenge anthu m'mawa, masana ndi madzulo, tsiku la mvula ndi tsiku louma. Tikawerenga, tidzasankhe njira ziwiri, ndipo kompyuta idzangoyesa ziwirizo.

Mayi Nabanda: Ngati zili choncho sindikana, koma mwanayo aikemo madzi a m'mbali mwa msewu, njinga za kabaza ndi mdima, asatijambulire tauni yosesedwa imene sitinaionepo. Ine ndibweretsa amayi anzanga khumi a mumsika, ndipo adzavale magalasiwo madengu ali pamutu.

Wapampando: Tamva. A Mlembi, lemberani mwanayo kuti atitumizire mtengo wake wonse Lachisanu lisanafike, ndipo mumufunse ngati munthu angavale magalasiwo atasenza katundu osagwa. Achinyamata ofuna kuwerenga anthu alembetse mayina kwa a Msungichuma, tiyambire pa chipata cha depoti Lolemba m'mawa.