"Mphini yobwereza imawala": mphini zake ziti?

Nachisale: Abale, popita ku Chembe kwa Nankumba, titapatuka msewu wa Monkey Bay, mnyamata wina m'galimoto anatiloza Mwala wa Mphini n'kunena kuti mwambi wa "mphini yobwereza imawala" unachokera pamwalawo. Zoona zimenezi?

Nabanda wa ku Joni: Agogo anga anali nazo m'masaya ndi pachipumi. Ankatema ndi lumo n'kupakamo makala osinja, zikazilala amabwerezanso. Mwambiwu ankaunena akamatilangiza nkhani imodzimodzi kachitatu, chala chili pa tsaya lawo.

Malume a Tadala: Pepani mayi, mphini ndi za mankhwala. Mwana akadwala, asing'anga amamutemera, zikakanika amabwereza. Kuwalako ndi kuchira.

Mwana wa ku Chembe: Kwathu kumeneko. Mizere ya pamwalapo sanateme munthu, ndi dzuwa ndi mvula za zaka zosawerengeka. Makolo anangoona kuti ikufanana ndi za pankhope za amayi. Alendo amaima pamwalapo kujambula, koma ambiri amangowadutsa manda a amishoni. Amishoniwo, Robert Laws ndi anzake, anafika kwathuko pa sitima ya Ilala mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881. Ndiye paki yoteteza zachilengedwe ya Lake Malawi National Park itakhazikitsidwa mu 1980, mudzi wathu unatsala mkati, uku mapiri uku nyanja. Minda ndi yochepa, timadalira usipa ndi alendo opita ku zilumba za Thumbi ndi Domwe.

Malume a Tadala: Nanga anthu akale sankapita pamiyala yotere kukapempha machiritso? Ndi mankhwala basi.

Nabanda wa ku Joni: Amalume, chilonda cha mankhwala chiwale chifukwa chiyani? Mumafuna anthu achione?

Malume a Tadala: Ine ndili nazo pamsana, anandidula ndi azakhali anga. Inu munaziona chabe.

Che Mdala: Vuto ndi ana a lero. Mdzukulu wanga wadzijambula nkhwazi pamkono, ndikati mphini, iye akuti "ayi agogo, iyi ndi tatuu". Moni weniweni sakuudziwa, angoti "bho bho". Atsikana a ku Chembe komweko akudziwa Chizungu cha alendo kuposa miyambi.

Mwana wa ku Chembe: Chizungucho ndiye chikugula ufa, achimwene.

Nachisale: Ndiye mnyamata uja anatinamiza?

Malume a Tadala: Ananama za mwala. Za mankhwala ndikubwerezabe.