Odwala mano osuta fodya mumawathandiza bwanji kuti asiye?

Mwana wa Sapitwa:
Anzanga a za mano ndigawireniko nzeru. Ine ndi dental therapist, wothandiza odwala mano, kuno ku Mulanje. Lolemba ndinazula dzino la bambo ena othyola tiyi, ndinawauza bwinobwino kuti bambo masiku atatu awa fodya ayi, iwo eya adokotala ndamva, Lachinayi awo atulukira atagwira tsaya, pomwe ndinazula paja magazi oundana achoka fupa lili poyera, fungo, ululu mpaka kukhutu, vuto lomwe timati dry socket lenileni. Kuwafunsa akuti ndinangosuta kamodzi nditatuluka pageti kuti dzanzi la jakisoni lithe. Ndiye mzere uli panja utaliutali, nkhani yosiya fodya mumaiyamba bwanji osaoneka ngati mukulalikira?

Mayi wa ku Luchenza:
Achimwene musakhumudwe, ine zimenezi ndazionapo zaka zambiri. Kale ndinkakalipa, ndinaona kuti munthu ukamukalipira amangoti pepani kenaka sabweranso. Pano ndimafunsa aliyense pomwe ndikulemba m'buku lake lachipatala, kodi mumasuta kapena kufwenkha, kangati patsiku. Akavomera ndimawapatsa kagalasi m'manja adzionere okha kuseri kwa mano akumunsi, kuda kuja, nkhama zitatsika mizu ikuoneka. Ambiri amati koma nkhama zanga sizituluka magazi, ndiye ndimawauza kuti vuto lake ndi lomwelo, nikotini wa mu fodya amafinya mitsempha ing'onoing'ono ya magazi, matenda amadya fupa mwakachetechete, udzadziwira dzino likugwedera. N'chifukwa chakenso bala la wosuta limachedwa kupola. Bambo anuwo musawataye, pano amva kuwawa ndi pomwe angamve. Auzeni kuti masiku oyamba ndi omwe chibaba chimavuta kwambiri, akapirira atatu chifukwa cha bala ayese kufika sabata, muwalembere tsiku lobweranso ngati kudzaona bala koma inu mukufuna kumva za fodyayo.

Mlonda Wakale:
Ine si wachipatala ayi, ndinali mlonda pa esiteti ina ku Thyolo kuno ndipo ndasuta chingambwe kuyambira ndili mnyamata. Madokotala muzidziwa kuti sitisuta chifukwa chosadziwa kuti n'zoipa. Chiperoni ikagwa mu June uli wekha usiku mabulangete anyowa, ndudu ija ndi mnzako wocheza naye. Chomwe chinandigwira mtima ine, mtsikana wina wa mano sanandiopseze, anangondifunsa kuti bambo ndudu yomwe simungaisiye ndi ya nthawi yanji, ndinati ya m'mawa ndikamwa tiyi, akuti yambani kusiya zinazo kaye musankhe tsiku loti iyinso ithe ndipo akunyumba muwauze. Ndinkayenda ndi chimanga chokazinga m'thumba, chibaba chikabwera ndimatafuna, pakangopita mphindi zochepa chimatsika chokha. Ndinagwa kawiri, kachiwiri kunali kumaliro anzanga akupatsirana usiku, ndinabwerera kuchipatala ndi manyazi koma sanandiseke.

Anamwino Bvumbwe:
Musaiwale agogo aakazi chonde. Ukafunsa kuti mumasuta amakana ndithu, ndipo sanama, iwo amaika fodya wopera kuseri kwa mlomo kapena kufwenkha, ena amati ndi mankhwala a dzino likamawawa. Kwezani mlomo muone pomwe amaika paja. Kachigamba koyera kosachoka ukapukuta kapena chilonda chopitirira masabata awiri osapola, osangopereka panado, atumizeni akaonedwe, olo mpaka ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre, khansa ya m'kamwa imayamba yosapweteka n'komwe.

Kabaza Limbuli:
Koma zimaseketsa bwana, fodya yemweyo ndi amene amabweretsa ma dola m'dziko muno kenaka mukuti tisiye kkkk

Mayi wa ku Luchenza:
Kabaza, wambiri amapita kunja uja, ndipo boma lomwelo linalowa mu pangano la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta mu 2023. Ma dola sadzakugulira mano iwe.

Mwana wa Sapitwa:
Zikomo nonse. Bambo aja ndawatsuka pabalapo n'kuika mankhwala, abweranso Lolemba. Kagalasi ndili nako kale koma ndimangoonera ndekha, ndiwapatsa agwire. Chimanga chokazinga chokha adikire kaye a Mlonda, mbali imeneyo sakutafunira panopa.