Za ma SMS pa tabuleti ija: zatheka tsopano

Zikomo nonse amene munandiyankha sabata yatha. Ndinkafunsa ngati tabuleti yanga ya Samsung, yomwe ilibe polowetsa SIM, ingamalandire ma SMS obwera pa foni yanga, poti foni ija ndi yaing'ono ndipo maso anga ayamba kuvuta.

Ena munati ndingogula tabuleti ina ya SIM. Ndalama zake pakadali pano palibe, choncho ndinatsata malangizo a achimwene amene anatchula Google Messages. Ndinaika pulogalamuyi pa foni ndi pa tabuleti pomwe, pa foni ndinadina chithunzi changa pakona yakumwamba, kenako Device pairing. Zonse ziwiri zinali pa akaunti imodzi ya Google. Tabuleti inaonetsa ka emoji, ine n'kusankha komweko pa foni, basi mauthenga onse anatulukira, ngakhale a Mpamba akalekale.

Koma tsiku lachiwiri zinangoti zii. Ndinalemba uthenga, sunapite, unangokhala pomwepo. Nditafufuza ndinapeza kuti bandulo ya pa foni inali itatha usiku. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti tabuleti siitumiza yokha uthengawo. Imangoupereka ku foni kudzera pa intaneti, foniyo n'kuutumiza pa SIM yake. Ndiye foni ikazima kapena ikasowa intaneti, palibe chimene chimayenda, ndipo mtengo wa SMS umachotsedwabe pa mayunitsi a foni.

Chinanso, lowani mu settings ya batire pa foni, muilole Messages izigwira ntchito nthawi zonse, apo ayi mauthenga amafika mochedwa. Ndipo ngati ana amaseweretsa tabuletiyo, ikani loko. Wanga wa zaka 9 anandiwerengera mokweza ndalama zotsala mu akaunti pamaso pa alendo.