Kodi anyezi wa pa pizza aikidwe wamuwisi kapena wokazinga?

Nachisale:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaphika pizza kunyumba. Uvuni wanga wamagetsi sutentha kupitirira madigiri 250, ndipo ndikaika anyezi wamuwisi pamwamba, pakati pa pizza pamakhala ponyowa pomwe anyezi wa m'mphepete amapserera mpaka kuwawa. Kodi ndiziyamba ndamukazinga, kapena vuto lagona pa kadulidwe?

Gama:
Amayi, gwero la vutoli ndi madzi, pakuti pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a anyezi ndi madzi okhaokha. Ku Naples, m'dziko la Italy, kumene amaphikira mu uvuni wa nkhuni wotentha madigiri oposa 400, pizza imapsa m'masekondi 90 okha, ndipo chinyezi chimauluka nthawi yomweyo. Mu uvuni wonga wanuwo madziwo amatuluka pang'onopang'ono n'kudikha pa tchizi, kenako amalowerera mu ufa wokandawo usanapse bwino.

Sikofunika kukazinga. Dulani anyeziyo mopyapyala kwambiri, moti mukanyamula kachidutswa kamodzi muzitha kuona kuwala kukudutsamo, ndipo zidutswa zonse zifanane kukula, chifukwa zikasiyana zina zimapserera zinzake zikadali zaziwisi. Muwazeni mchere pang'ono, mumusiye kwa mphindi 15, ndipo mudzaona madzi atasonkhana pansi pa mbale. Mufinyeni ndi kansalu koyera, mumupake timafuta tochepa kuti asapserere, kenako mumumwaze pamwamba pa tchizi popanda kumuunjika.

Nambewe:
Bambo Gama afotokoza bwino za madzi, koma ine ndisiyana nawo pa nkhani ya kukazinga. Njira yawoyo imathandiza ngati anyezi ali wochepa, wongokometsera. Ngati mukufuna kuti adzaze pizza yonse, kufinya kokha sikungakwane. Ku Nice, m'dziko la France, ali ndi chakudya chotchedwa pissaladière, chomwe pamwamba pake amayalapo anyezi wambiri pamodzi ndi tinsomba tamchere ndi zipatso za olivi, ndipo anyeziyo amayamba amuphika pa moto wochepa kufikira atafeweratu.

Ikani mafuta pang'ono m'chiwaya chokhuthala pansi, muchepetse moto, ndipo muzitakasa mwa apo ndi apo kwa mphindi 40 kapena kuposerapo. Chiwaya chodzaza chimaphwa mpaka kutsala anyezi wokwana m'kapu imodzi, wofiirira, wonona ndi wotsekemera mwa iye yekha, choncho shuga amene ena amathiramo pofuna kufulumira ndi wosafunika konse. Akayamba kukakamira pansi, thirani supuni imodzi ya madzi n'kupala. Mudikire azizire musanamuike, pakuti wotentha amafewetsa ufa wokanda, ndipo mumuyale pansi pa tchizi osati pamwamba, popeza wapsa kale ndipo sachedwa kuda akaonekera ku moto.

Chisale:
Ndiwonjezerepo za anyezi wofiira, amene kwa ine amakoma kwambiri osaphikidwa n'komwe. Mukamudula, munyikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 10 kuti ukali wake uchepe, mumuumitse ndi kansalu, ndipo mumuwaze pa pizza mutangoitulutsa mu uvuni. Koma amayi, muonenso msuzi wanu wa tomato, chifukwa ukakhala wamadzi pakati padzanyowabe ngakhale anyezi mutamukonza bwino chotani. Uwiritseni kufikira utakhuthala moti sukuyenderera pa supuni.