Amayi akuti akafere kwawo, koma sayenda okha. Ndiwalole?

Mayi wa atatu, Chilomoni

Abale anga, ndabwera kudzapempha nzeru, mundipirire poti nkhani yanga ndi yaitali. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimakhala ku Chilomoni muno mu Blantyre ndi bambo a kunyumba ndi ana athu atatu. Amayi anga, a zaka 76, anadwala sitiroko chaka chatha nthawi yokolola ali kumudzi ku Ntcheu. Anawapeza atagwa kuseri kwa nkhokwe, pakamwa patapotokera kumbali. Atatuluka m'chipatala abale anangoti, "Apite kwa aphunzitsi, ndi amene ali pafupi ndi madokotala." Ndikanakana bwanji? Achimwene aakulu ali ku Joni, mng'ono wanga ali kumudzi komweko koma nthawi imeneyo anali woyembekezera, wotopa kale.

Ndimadzuka 4 koloko m'mawa. Ndikakoleza mbaula n'kutereka madzi, ndimalowa kuchipinda kukakhudza zofunda. Nthawi zambiri zimakhala zitanyowa. Ndimawadzutsa, kuwakhazika pampando wapulasitiki, kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwaveka. Mkono ndi mwendo wakumanja n'zolemera, ndipo amene anavekapo bulauzi munthu wofa mkono akudziwa kuti umayamba kulowetsa mkono wofookawo, apo ayi mulimbana mpaka dzuwa kutuluka. Zofundazo ndimaziviika mundowa kuti ndidzachape ndikaweruka, ngati kumpopi kwatuluka madzi. Kenako phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, mankhwala a BP, ana kusukulu, ine liwiro kuntchito. Belu loyamba likamalira ine ndatopa kale. Madzulo makope ndimachonga ndikusinza.

Adokotala anati mchere uchepe. Amayi amati ndiwo zanga n'zozizira, sizingadutse pakhosi. Tsiku lina ndikufuna kuviika chitenje chawo ndinapeza pansonga pali kamfundo, nditamasula ndi mchere. Wakuba wake anali mwana wanga womaliza wa Sitandade 2, amene agogo ake amamulipira ndi nthano. Ndinaseka ndekha kuseri kwa nyumba, mwanayo sindinamukalipire.

Bambo a kunyumba sindingawanenere zoipa. Makala, sopo, matewera a akuluakulu amagula osawiringula. Koma ndi mkamwini. Amayi sawayang'ana kumaso, nanji kulola kuti awagwire. Masana ena amayi anatsetsereka pampando n'kugwera pansi pabalaza, ine ndili kusukulu. Bambo analipo. Atasendera kuti awadzutse, amayi anatukula dzanja lamoyolo: "Ayi bambo, musadzivute, ndakhala bwino pompano." Anakhaladi pasimenti pomwepo, bambo ataima pakhomo manja ali m'khosi, mpaka anathamanga kukaitana mayi wa nyumba yoyandikana. Ndiye kuti chilichonse chofuna kunyamula, kusambitsa kapena kuchimbudzi chimadikira ine kapena mwana wanga wamkazi wa Fomu 2. Mtsikanayu amagona chipinda chimodzi ndi agogo ake, usiku amadzutsidwadzutsidwa, ndipo teremu yathayi sanakhoze bwino. Chimenechi ndiye chikundidya mumtima kuposa zonse. Antchito sakhalitsa. Akaona zochapa zake amati kwawo kwagwa zovuta, basi osabweranso.

Achimwene amatumiza pa Mukuru akapeza, mwezi wina inde, mwezi wina zii. Lamlungu akaimba vidiyo pa WhatsApp amapeza amayi atasamba, atamanga duku, ndiye amati, "Achemwali, amayitu akuoneka bwino, pitirizani."

Tsopano vuto lenileni ndi ili. Chiyambire kutentha kwa Okutobala amayi akungonena za kwawo. Akuti munda wawo ausosa ndani, nkhuku zawo zatsala zingati, denga lifoleredwa liti. Mawu amatuluka movutikira koma awa amamveka bwinobwino: "Iwe mwana wanga, undiperekeze. Ndikafere kwathu, pafupi ndi amayi anga." Ndikawakaniza amatembenukira kukhoma, nsima osailawa. Ine ndikuopa. Chipatala chaching'ono cha kwathu chili kutali, ndipo mvula ikagwa mtsinje suwoloka. Mng'ono wanga ali ndi khanda kumsana, khasu m'manja. Komanso chidwalireni amayi nthawi zina usiku amacheza ndi anthu amene anamwalira kalekale, ndipo ndikudziwa zimene anthu anganene akamva. Koma ndisakubiseni, thupi langa likufuna kupuma, moti ndikamaganiza zowaperekeza sindidziwa ngati ndikumvera iwo kapena kutopa kwanga. Amene munadutsamo, munatani?

Namwino wopuma, Zomba

Aphunzitsi, pepani ndi matenda. Za kumudzizo ayankha ena, ine ndinene za thupi, poti kulikonse kumene angakhale zifunikabe.

Mukamawasambitsa muziyang'ana m'matako, m'chiuno ndi kuzidendene. Khungu likasintha mtundu, kufiira kapena kuderapo, osabwerera mwakale, dziwani kuti chilonda chikuyamba, ndipo zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi zimavuta kupola. Munthu wosatha kudzitembenuza azitembenuzidwa pakatha maola awiri alionse. Pamatiresi yalani makintoshi kapena pepala lapulasitiki lochindikala, pamwamba pake chitenje chakale, kuti muzichapa chitenje osati bulangeti tsiku ndi tsiku. Kalipentala aliyense angakuboolereni mpando wamatabwa wokhala ndi mogwira, pansi pake n'kuikapo chidebe. Ukhale pambali pa bedi. Ulendo wa kuchimbudzi usiku ndi umene umagwetsa okalamba ambiri.

Mankhwala a BP asasiye ati poti akupezako bwino, chifukwa chimene tikuthawa ndi sitiroko yachiwiri. Onani m'buku lawo lachipatala ngati muli mankhwala a BP otchedwa HCTZ. Ameneyo amakodzetsa, n'chifukwa chake timati amwedwe m'mawa. Podya akhale tsonga, supuni ikhale yaing'ono, osawafulumiza. Akamatsamwa kapena kukhosomola pomwa madzi kanenani msanga, chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo.

Poti muli mu Blantyre, kodi ku Kachere munapitako? Ndi malo a mafizo, olimbitsa ziwalo zofooka, kufupi ndi chipatala cha Gulupu. Mukamapita mutenge munthu amene adzawasamale kutsogoloku kuti akaphunzire ndi manja ake kuwongola mkono ndi kuimiritsa wodwala osathyoka msana.

China, musamawachitire zonse. Dzanja lamanzerelo lili moyo. Aikireni lichero pamiyendo asankhe nyemba kapena mpunga. Mayi amene wagwira khasu moyo wake wonse, lero n'kumangoyang'ana TV pabalaza, mtima umagwa. Kukhumudwa kotere n'kofala pambuyo pa sitiroko ndipo kuli ndi thandizo lake, ndiye kukana nsimako mukakutchule kwa adokotala.

Wa ku Randburg

Ine ndiyankhulire achimwene anuwo, poti ndili m'gulu lawo. Ndimasamalira maluwa m'mabwalo a anthu kuno ku Randburg, ndipo bambo anga anadwala mpaka kutisiya ali m'manja mwa mlongo wanga ku Mangochi. Ife tikatumiza timati mbali yathu tatha. Palibe amene amatiuza kuti paketi ya matewera imatha msanga bwanji. Inuyo mumawasambitsa amayi n'kuwamanga duku foni isanalire, ndiye mukufuna munthu aone chiyani? Sindikuti muwaonetse amayi ali pamavuto, ayi, ulemu wawo ukhalepo. Koma ndowa ya zochapa ija muiloze ndi kamera.

Lembani zonse za pamwezi: sopo, makala, matewera, mankhwala ogula ku famase tsiku limene kuchipatala kulibe, galimoto yopita ku kiliniki poti munthu wotere sangakwere kabaza. Muponye pagulu la WhatsApp la banja, atsibweni anu alimo. Kenako mugwirizane ndalama yokhazikika ndi tsiku lake. "Ndikapeza nditumiza" si pangano. Kunonso sikuti tikutola ndalama mumsewu, lendi ndi mapepala zimatimaliza, koma ndalama yodziwika munthu amaipatula malipiro akangolowa. Ndipo ngati amayi apita kumudzi, ndalamayo ikhale ndi gawo la amene akuwasamala, osati sopo yekha.

Mayi wa Mvano, Dowa

Mwana wanga, aloleni apite. Munthu wamkulu akati ndikafere kwathu sikuti akufuna kufa. Akufuna kudzutsidwa ndi tambala wake, akufuna kulonjeredwa ndi anthu omuitana ndi mfunda wake. Kutauni kwanuko inu mukapita kuntchito amatsala ndi makoma. Kumudzi amakhala pamkeka pakhonde, wopita kudimba amapatuka, wochokera kuchigayo amapatuka. Amayi a kumpingo timagawana masiku, wina kutunga madzi, wina kuzira nyumba, wina nkhuni. Ine ndinasungapo apongozi anga aakazi ku Area 25 ku Lilongwe tisanapume ntchito, ankangowonda ngakhale pakhomo panali nyama. Titawabwezera kuno anayamba kumaliza mitanda iwiri ya nsima ya nkhwani.

Kungoti musawapititse mvula ili pamutu. Dikirani misewu iume. Mukafunsenso kwa amfumu za Mtukula Pakhomo, ngakhale si wokalamba aliyense amene amalowamo, amasankha mabanja osaukitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito. Koma mtsikana wa Fomu 2 uja mumutulutse m'chipindamo lero lomwe. Ali ndi JCE kutsogoloku, ndipo agogo akewo atadziwa kuti mdzukulu akulephera chifukwa cha iwo sangakondwe.

Mdzukulu wa ku Mwanza

Amayi a ku Dowa, mwaulemu ndithu, si midzi yonse imene ili ngati kwanuko. Aphunzitsi, zolankhula usikuzo musazipeputse. Mu 2016 ku Neno, pafupi ndi kwathu kuno, anthu anapha okalamba anayi a banja limodzi powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire. A bungwe loona za achikulire la MANEPO amalankhula za nkhanzazi chaka ndi chaka. Koma mwana wa m'mudzi akamwalira mwadzidzidzi, amene amasonkhana pakhomo pa gogo usiku sabwera ndi buku la malamulo.

Sindikuti asapite. Ndikuti muyambe mwapita nokha. Tengani buku lawo lachipatala, mukakhale pansi ndi amfumu, atsibweni ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, mufotokoze pamaso pa onse kuti kusokonekera kwa mawu ndi mutu n'kwa matenda. Anthu akamva kuchokera kwa amfumu tsoka lisanagwe, pakamwa pamalemera. Ndipo asagone okha m'nyumba ngakhale usiku umodzi.

Mayi wa atatu, Chilomoni

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Anamwino, za mpando ndauza kale kalipentala wa pamsika wathu, ndipo ku Kachere ndikufuna ndipite ndi mng'ono wanga akangotha kubzala. Lichero ndinawaikira dzulo. Anasankha nyembazo mpaka kutha, kenako n'kundinena kuti mayi wamkulu ngati ine ndimagula bwanji nyemba zofumbwa. Madzulo ake anadya.

Mtsikana ndamusamutsira pabalaza, anyamata apanikizana pakona, ine ndalowa kuchipinda kwa amayi masiku a sukulu. Bambo avomera ngakhale nkhope inakwinyika pang'ono. Mndandanda wa ndalama ndinauponya pagulu. Achimwene awerenga, sanayankhe, koma atsibweni aimba okha n'kunena kuti pa tchuthi cha Khirisimasi tikhale pansi tonse kumudzi. Amayi ndawauza kuti ndidzawaperekeza mvula ikatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Ukudziwa iwe kuti ndidzafika?" Ndinasowa choyankha, ndinangowakonza duku.

Pali china chimene sindinanene poyamba. Munda umene amayi akuufunsa tsiku ndi tsikuwo, alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anaulowa kale. Chaka chathachi analima, anakolola, chimanga china n'kugulitsa, ndipo pano agaula mizere yawo. Nkhuku zinatha kale. Ine sindikuwada nazo, munda ukanangomera tchire, komanso ndi anthu omwewo amene ndikufuna kuwasiyira amayi. Koma amayi sakudziwa, akuganizabe kuti nkhokwe yawo ikuwadikira. Ndiwauze ine pang'onopang'ono ali konkuno, kapena ndisiyire atsibweni pa Khirisimasipo? Nanga nkhani yomulipira mng'ono wanga ndiiyambe bwanji kuti alamuwo asaone ngati tikuwalemba ganyu?