Ndikadina 1 pa numpad pakutuluka "a", keyCode yandisokoneza

Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Mzuzu, ndikupangira sitolo ina ya ku Katoto kapulogalamu ka pa intaneti kolembera mayina a makasitomala ndi ngongole zawo. Ndikugwira zomwe munthu akulemba ndi keydown, chizindikiro chomwe msakatuli amapereka batani likadinidwa, kenako String.fromCharCode(e.keyCode) kuti nambala ya batanilo, yomwe ndi keyCode, isanduke chilembo.

Zilembo zikutuluka zazikulu zokhazokha, poti A ndi 65 kaya mwadina Shift kaya ayi. Izo ndikanapirira. Koma mtsikana wa pa kauntala amalemba ndalama pa numpad, mabatani a manambala a kumanja kwa kiyibodi aja, ndiye akalemba 123 pakubwera abc. Mayina okhala ndi ng' nawo, omwe kuno kumpoto ndi ambiri, kachizindikiro kaja kakusanduka Þ. Pa foni ya Android ndiye batani lililonse likungopereka 229.

Kodi ndingolemba tebulo langa, nambala iliyonse ndi chilembo chake?

Yankho loyamba:
Achimwene, tebulo limenelo musaliyambe. keyCode imakuuzani batani, osati chilembo. Numpad imayambira 96 mpaka 105, pomwe 97 pa zilembo ndi a wamng'ono, n'chifukwa chake abc. Ndiye asakatuli sagwirizananso: semicolon ndi 186 pa Chrome koma 59 pa Firefox. Gwiritsani e.key, imapereka chilembo chenichenicho. keyCode inaikidwa kale m'gulu la zinthu zosiyidwa.

Yankho lachiwiri:
Kuwonjezera apo, malaputopu akaunjika omwe timagulawa ena ndi a UK, ena a US. Shift ndi 2 pa ya US ndi @, pa ya UK ndi ". Tebulo lanulo likagwira pa laputopu yanu, kusitoloko likakunamizani. e.code muisunge ya mashotikati basi, imatchula malo a batani monga KeyA kapena Numpad1.

Mwini funso:
Zikomo mabwana. Ndayesa e.key, pa laputopu zatheka. Pa foni ikuti Unidentified.

Yankho lachitatu:
Bambo, nanga mukugwiriranji mabatani chonsecho mukufuna mawu? Kiyibodi ya pa Android imalosera mawu, siinena batani lililonse palokha, ndiyo 229 mukuionayo. Mverani input event, yomwe imabwera mawu akasintha m'bokosi lolembamo, muziwerenga e.target.value. Ikugwirirani ngakhale munthu atachita paste, zomwe keydown singakuuzeni. Ndipo wina akafuna kulemba ŵ ya Malaŵi kapena ya Chitumbuka, pa makiyibodi ena amayamba wadina kachipewa kenako w. Batani loyambalo e.key imangoti Dead. keydown muisiyire Enter ndi Escape.

Mwini funso:
Ndamva amayi. Nanga poletsa zilembo m'bokosi la ndalama ndichite bwanji? Ndimadalira preventDefault pa keydown kuti batani losafunika lisalembe kanthu.

Yankho lachitatu:
Ikani inputmode="numeric" kuti foni izitulutsa manambala, kenako mu input muzisefa ndi replace(/\D/g, ""). Ku seva mukafufuzenso, chifukwa za mu msakatuli munthu atha kuzilambalala.